Kodi Tikuwerenga Zamoyo Zakale Kapena Malo Amene Tinakumba?

Tsiku limene ndinakaona chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chakalekale cha m'gulu la ma dinosaur, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, ija inatsegulidwa mu 2004, ndinapezamo ana a sukulu ya pulayimale ali ndi mphunzitsi wawo. Mtsikana wina anayang'ana khosi la chinyamacho kuyambira paphewa mpaka kukamutu kake kakang'ono, kenaka anafunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi zinyama zoterezi zinalipo za mitundu ingati kuno kwathu?" Mphunzitsiyo anayankha kuti zodziwika ndi maina ndi ziwiri, Malawisaurus ndi Karongasaurus. Sananame, ndipo ndinamuyamikira mumtima chifukwa cha mawu akuti "zodziwika", pakuti mtunda umene uli pakati pa zodziwika ndi zimene zinalipodi ndiwo wakhala ukuzunguza mitu ya akatswiri a zamoyo zakale kwa zaka zoposa 150.

Mbiri ya mafupa a ku Karonga imaonetsa vutoli bwino. Oyamba anapezeka mu 1924, pamene Frank Dixey ankayang'anira ntchito yofufuza miyala m'dziko la Nyasaland, ndipo Sidney Haughton wa ku South Africa anawafotokoza mu 1928. Pambuyo pake malowo anakhala zaka zambiri osakumbidwa mwakhama, kufikira m'ma 1980 pamene Louis Jacobs wa ku America, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, anayamba kukumba ku Mwakasyunguti. Dzina lakuti Malawisaurus linabwera mu 1993. Elizabeth Gomani, Mmalawi amene anachita maphunziro ake apamwamba pa mafupa omwewa, anafotokoza kang'ona kakang'ono kotchedwa Malawisuchus mu 1997, ndipo Karongasaurus anaifotokoza mu 2005. Nyamazi zinafa zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, moti kuchuluka kwake kwenikweni sikunasinthe m'zaka zonsezi, koma mndandanda wake unkatalika chaka chilichonse chimene kunapezeka anthu, ndalama ndi galimoto yofika nayo kumalowo.

Zimenezi zikanakhala za ku Karonga kokha, sizikanadetsa nkhawa. Koma akatswiri akafuna kuyankha funso lalikulu, lakuti kodi mitundu ya zamoyo padziko lapansi yakhala ikuchuluka kapena kuchepa m'zaka 540 miliyoni zapitazi, amaphatikiza mindandanda yotereyi kuchokera kulikonse, ina yaitali chifukwa anthu akumbako kwa zaka 200, ina yaifupi chifukwa anafikako kawiri kapena katatu, ndipo zotsatira zake amazitcha chiwerengero cha dziko lonse.

Tisanafike kwa okumbawo, nthaka yeniyeniyo imasankha zimene isunge. Kuseri kwa nyumba ya agogo anga kunali dzala limene tinkatayamo zonse, ndipo patapita zaka, amalume atakumba pamalopo kuti aumbe njerwa, tinaona zimene zinatsala: mapale a mphika, zigoba za nkhono, mafupa angapo a mbuzi ndi mano a ng'ombe. Panalibe chizindikiro chilichonse cha nsima imene inkadyedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale cha chisoso, bonongwe, bowa, ngumbi kapena mbewa zimene timafupa take tinaphwanyika kalekale. Mlendo woona dzalalo akanalumbira kuti banjali linkadya nyama yokhayokha, pamene mbuzi inkaphedwa pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Miyala imachitanso chimodzimodzi. Chamoyo chokhala ndi chigoba, fupa kapena dzino chili ndi mwayi wosanduka mwala, koma nyongolotsi, mphutsi ndi zamoyo zina za matupi ofewa zimaola osasiya kanthu. Timadziwa kukula kwa zimene zimatayika chifukwa cha malo ochepa kumene matope anakwirira zamoyo mofulumira kwambiri mpaka minofu inasungika. Amodzi mwa malowa ndi Burgess Shale, m'mapiri a British Columbia ku Canada, amene Charles Walcott anawapeza mu 1909. Simon Conway Morris atawerengera zamoyo za kumeneko, za zaka pafupifupi 508 miliyoni zapitazo, anapeza kuti magulu 14 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi ziwalo zolimba zimene zikanasungika m'miyala wamba.

Malo amene chamoyo chinafera nawonso ndi nkhani. Zotsalira zimasungika kumene matope ndi mchenga zimaunjikana, monga pansi pa nyanja, m'madambo ndi m'zigwa za mitsinje, osati kumene nthaka imakokoloka. Choncho nsomba za m'Nyanja ya Malawi zili ndi mwayi wodzapezeka m'miyala ya m'tsogolo, pamene mkungudza wa pa Mulanje ndi tizilombo ta pa Nyika zidzapita ngati kuti sizinakhaleko. Nkhalango zowirira za mvula yambiri, zimene lero ndizo zili ndi mitundu yochuluka koposa ya zamoyo zapamtunda, zili ndi dothi limene limadya mafupa msanga, ndipo ngakhale mafupawo atasungika, mitengo imaphimba miyala moti wofufuza alibe poyambira. N'chifukwa chake mafupa a makolo akale a anthu apezeka ambirimbiri, koma zotsalira zoyamba za anyani otchedwa chimpanzee zinalengezedwa mu 2005 momwemu, ndipo anali mano ochepa chabe, opezeka pafupi ndi Nyanja ya Baringo ku Kenya.

Munthu woyamba kujambula mzere wosonyeza kuchuluka kwa zamoyo kuyambira kale anali John Phillips wa ku Oxford, mu 1860. Anagwiritsa ntchito zotsalira za ku Britain, ndipo chochititsa chidwi n'chakuti iye anazindikira kale kuti nyengo imene inasiya miyala yochindikala ikhoza kuoneka yolemera ndi zamoyo kuposa inzake, choncho anawerengera mitundu molingana ndi kuchindikala kwa miyalayo. Patapita zaka zoposa 100, Jack Sepkoski wa pa yunivesite ya Chicago anathera gawo lalikulu la moyo wake m'malaibulale, kulemba nthawi imene gulu lililonse la zamoyo za m'nyanja linayamba kuoneka ndi imene linasowa. Mndandanda wake waukulu, wa magulu oposa 30,000, unasindikizidwa mu 2002, iye atamwalira kale mu 1999. Mzere wa Sepkoski, umene uli m'mabuku ambiri a sukulu, umakwera, n'kukhazikika, n'kugwa kwambiri zaka 252 miliyoni zapitazo, kenaka n'kukwera mosalekeza mpaka lero. Koma mnzake wapantchito David Raup anali atachenjeza kale mu 1972 kuti kukwerako kukhoza kukhala kwa miyala osati kwa zamoyo, ndipo mu 1976 anasonyeza kuti chiwerengero cha mitundu yodziwika ya nyengo iliyonse chimayendera limodzi ndi kuchuluka kwa miyala ya nyengoyo imene ilipobe. Miyala yakale kwambiri yambiri inakokoloka, ina inaphikidwa ndi kutentha kwa pansi, ina inakwiririka kutali. Mu 1977 Peter Sheehan anawonjeza mfundo yochititsa manyazi pang'ono, yakuti chiwerengerocho chimatsatiranso kuchuluka kwa akatswiri amene anasankha kugwira ntchito pa nyengo imeneyo.

Njira imene inapezeka yochepetsera vutoli ndimaimvetsa bwino ndikaganiza za nsomba. Tiyerekeze kuti munthu akufuna kudziwa ngati ku Nkhata Bay kuli mitundu yambiri ya nsomba kuposa ku Senga Bay, koma kwina wawerenga nsomba za m'mabwato 100, kwinako za m'mabwato atatu. Kumene wawerenga zambiri adzapezako mitundu yambiri, ndipo sadzakhala ataphunzira kanthu za nyanja. Chofunika n'kutapa nsomba zofanana kuchuluka mbali zonse ziwiri, mwachisawawa, mobwerezabwereza, n'kuona kuti mitundu ikutuluka ingati. Kuti izi zitheke pa zotsalira zakale, panafunika nkhokwe yolembamo chinthu chilichonse chimene chinapezeka, pamodzi ndi malo ndi gawo la miyala limene chinapezekamo. Nkhokwe yotereyi, Paleobiology Database, inayamba mu 1998 motsogozedwa ndi John Alroy ndi Charles Marshall, ndipo tsopano muli zolembedwa zoposa miliyoni imodzi zimene aliyense angazione pa intaneti. Alroy ndi anzake atatapa mofanana nyengo zonse, zotsatira zawo za mu 2008 zinasonyeza kuti kukwera kwa zaka 100 miliyoni zomalizirazi n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kwa pa mzere wa Sepkoski.

Komabe kutapa mofanana sikuthetsa zonse, ndipo aliyense wodziwa nyanja yathu angaone chifukwa chake. Mbuna za pa chilumba china sizipezeka pa chilumba chinzake ngakhale zilumbazo zikuonana, ndunduma imakhala m'madzi akuya, usipa umayenda pamwamba. Munthu amene watapa nsomba 1,000 pa dooko limodzi ndi mnzake amene watapa 1,000 zomwezo m'madooko 20 kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga sangapeze chiwerengero chofanana cha mitundu, chifukwa dera likakula mitundu imachuluka. Zotsalira za nyengo zaposachedwa zinatoledwa m'madera ambiri a dziko lapansi, pamene za nyengo zina zakale zinatoledwa m'zigwa zochepa zoyandikana. Roger Close ndi anzake a ku Birmingham anayesa kukonza zimenezi mu 2020 poyerekeza madera ofanana kukula okhaokha. Pa nyama zapamtunda za mafupa a msana anapeza kuti m'dera la kukula kofanana, chiwerengero cha mitundu chinkakhala chosasintha kwenikweni kwa zaka mamiliyoni ochuluka, kupatula kuchuluka mowirikiza kawiri kapena katatu pambuyo pa kutha kwa ma dinosaur zaka 66 miliyoni zapitazo. Kukwera kosalekeza kuja kunali, kwakukulukulu, kukula kwa dera limene anthu anafufuza.

Pali chinthu china chimene chinandidabwitsa nditachimva koyamba. Zotsalira zambiri zolembedwa n'zochokera ku Ulaya ndi ku North America, ndipo wina angaganize kuti ngakhale zili choncho, tikuonera mbiri yonse pa zenera limodzi losasuntha. Koma makontinenti amayenda. Zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, madera amene lero ndi Britain ndi United States anali pafupi ndi ikweta, kumalo otentha, ndipo malasha a ku Britain ndi zotsalira za nkhalango za m'madambo otentha a nthawi imeneyo. Pang'onopang'ono maderawo anasunthira kumpoto kozizira. Popeza kumalo otentha kumakhala mitundu yambiri ya zamoyo kuposa kozizira, mzere wotchedwa wa dziko lonse umayerekeza malo otentha a nyengo ina ndi malo ozizirirapo a nyengo ina, ngati munthu woyerekeza zokolola za ku Nsanje za chaka china ndi za ku Dedza za chaka china n'kunena kuti ulimi wa dziko wasintha. Peter Allison ndi Derek Briggs analemba za vutoli mu 1993.

Chitsanzo chimene chinandikhutiritsa kwambiri chikukhudza dera lathu lino. Zaka 252 miliyoni zapitazo, kumapeto kwa nyengo yotchedwa Permian, zamoyo zinapululuka kuposa nthawi ina iliyonse yodziwika. Kwa zaka zambiri, zimene zinkadziwika za mmene nyama zapamtunda za kumwera kwa dziko zinafera ndi mmene zinabwereranso zinkachokera makamaka m'chigwa cha Karoo ku South Africa, kumene miyala yake ili poyera ndipo anthu akhala akutolako mafupa kuyambira m'ma 1800. Nkhani ya ku Karoo inkatengedwa ngati nkhani ya dera lonse. Christian Sidor wa ku yunivesite ya Washington ndi anzake anapita kukakumba kwina ndiponso kukaunika za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo mu 2013 anayerekeza malo asanu: Karoo, chigwa cha Luangwa ku Zambia, chigwa cha Ruhuhu kumwera kwa Tanzania, mapiri a ku Antarctica, ndi Chiweta m'boma la Rumphi, paja msewu wochokera ku Mzuzu umatsetsereka mokhotakhota kupita kunyanja. Nthawi imeneyo maiko onsewa anali mtunda umodzi wolumikizana.

Anapeza kuti kupululukako kusanachitike, nyama za m'maderawa zinali zofanana ndithu. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mitunduyo linkapezeka m'malo awiri kapena kuposerapo, ndipo pakati pa zofala panali Dicynodon, nyama yodya zomera ya msinkhu wa nkhumba, ya mlomo ngati wa kamba ndi minyanga iwiri. M'miyala ya nyengo yotsatira zinthu zinali zitasinthiratu: mitundu 7 yokha pa 100 iliyonse ndiyo inkapezeka m'malo oposa amodzi, ndipo chigwa chilichonse chinali ndi nyama zakezake. Ku Ruhuhu ndi ku Luangwa kunali abale apafupi a ma dinosaur, monga Asilisaurus wa ku Tanzania ndi Lutungutali wa ku Zambia, amene ku Karoo sanapezeke ngakhale kuti kumeneko kwafufuzidwa kwa nthawi yaitali koposa. Tanthauzo lake kwa ine n'lakuti chigwa chimodzi chikhoza kuimira dera lonse pa nyengo ina n'kulephera kuliimira pa nyengo yotsatira, ndipo palibe masamu amene akanaulula zimenezi kuchokera ku mafupa a ku Karoo okha. Panafunika kuti munthu akayende m'tchire la ku Luangwa n'kuweramira pansi.

Funso lakuti ndani amapita kukaweramako limatifikitsa pa ndalama ndi mbiri ya utsamunda. Nussaïbah Raja, Emma Dunne ndi anzawo anaunika zolembedwa za mu Paleobiology Database za zaka 30, ndipo mu 2022 anaonetsa kuti 97 pa 100 zilizonse zinachokera kwa akatswiri okhala m'maiko olemera kapena olemererapo. Akatswiri oterewa amakumba kwambiri kwawo, ndipo akapita kunja amakonda kupita kumene kuli kale mbiri yakuti kumapezeka zinthu, chifukwa wopereka ndalama safuna kulipira ulendo wobwerako chimanjamanja. Motero malo odziwika amanka nadziwika, osadziwika amakhalabe oyera pa mapu. Ngakhale kumene kunakumbidwa, mafupawo nthawi zambiri sanatsale. Ku Tendaguru, kumwera kwa Tanzania, Ajeremani anakumba kuyambira 1909 mpaka 1913, ndipo amene ankagwira makasu ndi kusenza katunduyo ulendo wa masiku angapo kukafika ku doko la Lindi anali anthu a komweko mazanamazana, motsogozedwa ndi kapitawo wawo waluso Boheti bin Amrani. Mafupa olemera matani oposa 200 anapita ku Berlin, kumene dinosaur wotchedwa Giraffatitan, wotalika mamita 13, waima mpaka lero.

Nkhani ya makolo akale a anthu ili ndi vuto lomweli. Zambiri zimene zimadziwika n'zochokera m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa ndi m'mapanga a ku South Africa. Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage anasankha kufufuza kumpoto kwa Malawi chifukwa ndi pakati pa madera awiriwa pamene panalibe chodziwika, ndipo anayendayenda kuyambira m'ma 1980 kufikira 1991 pamene chibwano cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni chinapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi, koma ndi magulu ochepa amene angapeze ndalama zodekhera zaka zochuluka chotero. Ku Chad, makilomita pafupifupi 2,500 kumadzulo kwa chigwa chija, gulu la Michel Brunet linapeza chibwano mu 1995 ndi chigaza cha m'bale wakale kwambiri wa anthu wotchedwa Sahelanthropus mu 2001, ndipo maganizo amene anali atafala, akuti makolo a anthu anayambira kum'mawa kwa chigwacho kokha, anagwedezeka. Andrew Barr ndi Bernard Wood anakumbutsa mu 2024 kuti mbali ya kum'mawa ya chigwachi, kumene kwachokera mafupa ochuluka chotere, sikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a nthaka ya Africa. Chigwacho ndi malo amene nthaka imasunga mafupa ndi kuwaulula, ndipo zimenezo sizitsimikiza kuti ndi kokhako kumene makolowo ankakhala.

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati kuti zonse za m'miyala n'zabodza, pakuti mbali ina ya mkanganowu ili ndi mfundo yolimba. Shanan Peters anafotokoza mu 2005 kuti miyala ndi zamoyo zikhoza kuchulukira limodzi chifukwa zonse ziwiri zikutsatira chinthu chimodzi. Nyanja ikakwera n'kusefukira pamtunda, pamakhala madzi osaya ambiri, amene ndi malo abwino okhalamo zamoyo komanso malo abwino ounjikanamo matope. Zikatero, wochotsa mphamvu ya miyala pa chiwerengero akhoza kutaya choona pamodzi ndi cholakwika, ngati wopeta amene wauluza mankhusu ndi maso omwe. Ndiponso kupululuka kwakukulu, monga kwa zaka 252 miliyoni ndi kwa zaka 66 miliyoni zapitazo, kumaonekabe ngakhale awerengere mwa njira iliyonse. Chimene ine ndasiya kukhulupirira ndi mzere umodzi wotchedwa wa dziko lonse ukaperekedwa popanda mapu osonyeza kumene zotsalirazo zinatoledwa pa nyengo iliyonse. Kunena kuti m'chigwa chakuti, pa nyengo yakuti, munali mitundu yochuluka motere, ndi mawu amene miyala ingathe kuwachitira umboni, ndipo zigwa zikachuluka tikhoza kuziyerekeza monga anachitira Sidor.

Patsalanso mpata wina umene suli m'tchire koma m'makabati. M'ma 1930 Rex Parrington wa ku Cambridge anatola mafupa m'chigwa cha Ruhuhu, kufupi ndi nyanja yathu yomweyi kutsidya kwake, ndipo pakati pawo panali fupa limodzi la mkono ndi mafupa 6 a msana. Alan Charig anawaunika m'ma 1950 pa maphunziro ake, koma anamwalira asanasindikize kufotokoza kwake, ndipo mafupawo anakhala mu Natural History Museum ku London. Kumapeto kwa 2012 Sterling Nesbitt ndi anzake anawafotokoza n'kuwatcha Nyasasaurus parringtoni, ndipo anati nyamayo ndi dinosaur wakale kuposa onse odziwika kapena m'bale wawo wapafupi kwambiri. Kwa zaka pafupifupi 80 mafupawo anali atakumbidwa kale, atatsukidwa, ali ndi nambala yake m'kabati, koma m'chiwerengero chilichonse cha mitundu ya nyengo imeneyo munalibe dzina lake.